Hellebore wakutchire: duwa la m'chisanu lomwe si rozi, si chamba, komanso si ndiwo

Mu Febuluwale, mlamu wanga amene amakhala ku Luton, m'dziko la England, anaponya chithunzi pagulu lathu la pa WhatsApp. Anali atapita kokawongola miyendo m'nkhalango ina ya m'mapiri a Chilterns. Mitengo yonse inali itayoyola masamba, udzu utapsa ndi chisanu, koma pakati pa zinyalala zofota panali chomera chimodzi chili biriwiri, chitasenza maluwa obiriwira motuwa, onse atazolika ngati timabelu. Funso lake linali lalifupi: "Abale, ichi n'chiyani?"

Amalume sanachedwe kuyankha: chimenecho n'chamba, mlamu achokepo apolisi asanamupeze. Azakhali anatsutsa, amvekere masambawo ndi a chinangwa, "athyoleko tione ngati Azungu nawo ali ndi chigwada." Mdzukulu wina anathamangira pa intaneti n'kubwerako ndi dzina lakuti Christmas rose, ndiye anthu anagwirizana kuti basi, ndi rozi wa kumeneko. Onse atatu anaphonya, ndipo malangizo a azakhaliwo akanatsatidwa, nkhani ikanathera kuchipatala. Chomeracho ndi hellebore, ndipo kuyambira ku mizu mpaka ku nthangala chili ndi poizoni.

Kodi hellebore n'chiyani?

Limeneli ndi dzina la zomera zapachibale, mitundu pafupifupi 20, zimene akatswiri amazitcha Helleborus. Dzinali ndi la Chigiriki, lakalekale, ndipo Carl Linnaeus wa ku Sweden analisunga pamene ankalongosola mayina a zomera mu 1753. Kwawo kwa zomerazi ndi ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia. Mitundu yambiri inaunjikana m'mapiri a Balkans, cha ku Croatia, Bosnia, Serbia ndi maiko oyandikana nawo. Umodzi, Helleborus thibetanus, uli kwaokha kumadzulo kwa China. Kumwera kwa chipululu cha Sahara sizimera m'tchire, n'chifukwa chake m'Chichewa tilibe dzina lake.

Za urozizo ndi dzina chabe. Hellebore ali m'banja la Ranunculaceae, banja limene mamembala ake ambiri ndi oyabwa kapena akupha. Amene mdzukulu uja anamupeza pa intaneti ndi Helleborus niger wa m'mapiri a Alps, wa maluwa oyera otseguka cha m'nyengo ya Khirisimasi. Mawu akuti niger amatanthauza chakuda, ndipo akunena mizu yake, osati duwa. Palinso Helleborus orientalis wa ku Greece, Turkey ndi Caucasus, amene amachita maluwa m'nyengo ya Lenti. Ameneyu ndiye kholo lalikulu la mitundu ya pinki, yofiirira ndi yamawangamawanga imene imagulitsidwa m'mashopu a maluwa.

Awiri a m'tchire la ku Britain

Mwa mitundu yonseyi, iwiri yokha ndi imene imawerengedwa kuti ndi mbadwa za ku Britain.

Woyamba ndi wa pachithunzi cha mlamu, Helleborus foetidus, kutanthauza hellebore wonunkha. Amatalika mpaka masentimita 80, ndipo sayoyola masamba chaka chonse. Tsamba lake ndi logawikana ngati zala za dzanja, tizala tating'ono tosongoka tokhala ndi timano m'mphepete, choncho amalume ndi azakhali tisawaseke kwambiri. Maluwa ake satseguka kwenikweni. Amakhala ngati timakapu tozondoka, ndipo ambiri amakhala ndi kamzera kofiirira pamilomo, ngati apakidwa lipisitiki. Duwalo silinunkha ayi. Fungo limatuluka mukatikita tsamba, fungo lolemera limene ena amati likufanana ndi nyama yowotcha itagonera. Chomerachi sichikhalitsa zaka zambiri, chimadalira kufesa nthangala.

Wachiwiri ndi Helleborus viridis, hellebore wobiriwira. Iyeyu ndi wamfupi, nthawi zambiri sapitirira m'mawondo. M'nyengo yozizira masamba ake amafa, n'kutsala moyo pansi pa nthaka m'chitsinde chokhuthala chonga cha jinja. Pofika Febuluwale kapena Malichi amatumphuka ndi maluwa obiriwira otambasuka ngati kambale. Pokhala kuti duwa ndi tsamba n'zofanana mtundu, munthu akhoza kudutsa pakati pa gulu lonse osaliona.

Onse awiri amakonda nthaka ya choko kapena ya miyala ya laimu, yofanana ndi imene anthu amaotcha ku Balaka popanga laimu. N'chifukwa chake amapezeka m'mapiri ngati a Chilterns, Cotswolds, Mendips ndi Downs kumwera kwa England, ndipo ndi osowa kumadera a nthaka ya asidi. Wonunkha amakonda malo otsetsereka, ouma, a miyalamiyala. Wobiriwira amafuna pachinyezi ndi pamthunzi.

Amaphukiranji m'chisanu?

Disembala mpaka Malichi, pamene kuno chimanga chikukula ndi mvula, ku Ulaya ndi nyengo yozizira kwambiri. Zomera zambiri zimagona. Hellebore anasankha nthawi imeneyi chifukwa m'nkhalango za kumeneko ndi nthawi yokhayo imene dzuwa limafika pansi. Mitengo ikangovala masamba mu Epulo ndi Meyi, pansi pamachita mdima. Chomera chachifupi chiyenera kuchita zake mitengo isanadzuke. Komanso pamsika ukalawirira, makasitomala ochepa amene alipo amakhala ako wekha. Makasitomala a hellebore ndi njuchi zikuluzikulu zaubweya zotchedwa bumblebee, zonenepa ngati bemberezi, zimene zimatha kuuluka kukuzizira chifukwa zimayamba zatenthetsa thupi ponjenjemeretsa minofu ya mapiko.

Usiku wa chisanu choopsa, mitundu yambiri ya hellebore imagwa chafufumimba ngati yafa. Dzuwa likakwera imadzukanso. Chimachitika n'chakuti madzi amatuluka m'maselo a chomeracho, motero ayezi sapangika m'kati mwa selo n'kuliphulitsa. Kukafunda madzi aja amabwerera.

Tsopano yang'anitsitsani duwalo. Timasamba tisanu timene timaoneka ngati duwa si duwa lenileni. Ndi tija timakuta mphukira isanatseguke, tofanana ndi kachisoti kobiriwira ka pamwamba pa tomato. Pa hellebore timeneti tinakula n'kutenga udindo wokopa njuchi, ndipo popeza n'tolimba, sitiyoyoka msanga. N'chifukwa chake duwa lake limaoneka ngati lakhala miyezi iwiri kapena itatu. Masamba enieni a duwa anasanduka timachubu ting'onoting'ono tozungulira pakati, momwe mumasungidwa timadzi totsekemera. Kuzolika kuja kumathandiza kuti mvula isalowe n'kunyowetsa mungu kapena kusungunula timadzito.

Apa ndiye pali chinthu chimene ine chimandisangalatsa koposa. Mu 2010, Carlos Herrera ndi María Pozo, akatswiri a ku Spain, anafalitsa zimene anapeza pa hellebore wonunkha m'mapiri a Sierra de Cazorla. M'timachubu tija mumakhala yisiti, wachibale wa amene timathira m'mandasi, wa mtundu wotchedwa Metschnikowia reukaufii. Amafika ndi njuchi, pa lilime. Akalowa amayamba kudya shuga, ndipo podya amatulutsa kutentha. Aliyense amene anagwirapo mbiya ya mowa wamasese ukuwira, kapena kulowetsa dzanja m'mulu wa manyowa, akudziwa kafundidwe kameneka. M'timachubu momwe yisiti anachuluka kwambiri, kutentha kunkaposa kwa mpweya wakunja ndi madigiri 6. Ndiye kuti kaduwa kamakhala ndi mbaula yakeyake.

N'zosavuta kuthamangira kunena kuti chomera ndi yisiti anapangana ubwenzi, koma nkhaniyi siyowongoka choncho. Kafukufuku wina amene Herrera ndi anzake anatulutsa mu 2013 anaonetsa kuti njuchi zimakondadi maluwa okhala ndi yisiti, koma maluwa amenewo sankabereka bwino poyerekeza ndi opanda yisiti. Mlendoyu amakoleza moto m'nyumba, inde, koma amadyanso za m'nkhokwe.

Nthangala zikakhwima cha mu Juni, ntchito imapita kwa nyerere. Nthangala iliyonse ya hellebore wonunkha ili ndi kachotupa koyera kamafuta. Nyerere zimaikokera kuuna, kudya kamafutako, n'kutaya nthangala ili bwinobwino panthaka yofewa, patali ndi make. Paja timati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma kwa chomera ichi nyerere ndi aganyu olipidwa. Nthangalayo simera pompo. Imayamba yadutsa m'nyengo yofunda kenako yozizira, ndipo mbande imatenga zaka ziwiri kapena zitatu isanachite maluwa.

Poizoni wake amagwira bwanji?

Taganizani: nkhalango yonse youma, agwape ndi akalulu ali ndi njala, ndipo chomera chimodzi chokha chili biriwiri. Chikanakhala chopanda chitetezo sichikanagona. Hellebore ali ndi zida zingapo, ndipo ziwiri ndi zofunika kuzimvetsa.

Choyamba chimagwira ntchito ngati poizoni wa chinangwa chowawa. M'tsamba losavulazidwa muli mankhwala ogona otchedwa ranunculin. Tsambalo likatafunidwa kapena kutikitidwa, maselo amasweka, ranunculin amakumana ndi enzaimu, chinthu chofulumizitsa kusintha kwa mankhwala m'zamoyo, n'kusanduka protoanemonin. Ameneyu amaotcha m'kamwa, amachititsa dovu kuchuluka, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Pakhungu amayabwa ndipo amatha kutulutsa matuza. Alimi a maluwa amene amatola nthangala ndi manja osavala kanthu amadandaula zala kuchita dzanzi ndi kusupuka.

Koma kufanana ndi chinangwa kumathera pomwepo. Chinangwa tikachiviika masiku angapo n'kuchiyanika, poizoni amachoka, timadya kondowole. Hellebore akauma, chida choyambacho chimafookadi, koma chachiwiri chimatsala, ndipo ndicho choopsa.

Chachiwirichi ndi mankhwala ogwira mtima, a gulu lotchedwa bufadienolide, ndipo odziwika kwambiri ndi hellebrin. Dzina la gululi linachokera ku mawu a Chilatini akuti bufo, chule wa khungu lokhakhala, chifukwa mankhwala ofanana nawo amapezeka m'madzi oyera amene achule oterowo amatulutsa. Selo lililonse la mtima lili ndi timapampu totulutsa mchere wa sodium n'kulowetsa wa potassium. Mankhwalawa amatseka timapamputo. Sodium akaunjikana m'kati, calcium nayenso amachuluka, ndipo calcium ndi amene amalamula mnofu kufinya. Pang'ono chabe, mtima umagunda mwamphamvu koma modekha. Kupitirira pang'ono, umayamba kudumphadumpha, kuchedwa kwambiri, mwinanso kuima.

Kagwiridwe kameneka kwa ife si kachilendo. Alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka mivi yawo ulembe wochokera ku nthangala za kombe. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone paulendo wa pa Zambezi wa 1858 mpaka 1864, anasunga mswachi wake m'thumba momwe munali kombe, ndipo atatsuka mano anamva kuwawa m'kamwa n'kuzindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anatulutsamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Chomeracho mpaka lero dzina lake la sayansi ndi Strophanthus kombe. Kombe ndi hellebore si pachibale, koma onse amatseka pampu imodzimodziyo.

Tisakokomeze. Anthu ofa ndi hellebore masiku ano ndi osowa kwambiri, chifukwa kuotcha kwa m'kamwa kumamuletsa munthu asanadye wambiri. Ngozi yaikulu imabwera munthu akamwa dala mizu yake ngati mankhwala, monga ufa wa hellebore wa ku Caucasus umene wakhala ukugulitsidwa ku Russia ngati wochepetsa thupi, kapena ng'ombe zikapatsidwa zinyalala zosadzulidwa m'munda wa maluwa.

Mankhwala a misala, chida cha nkhondo

Agiriki akale ankamudziwa bwino. Nthano yawo ina imati sing'anga Melampus anachiritsa ana aakazi a mfumu Proetus, amene anapenga n'kumadziona ngati ng'ombe, powapatsa hellebore. Madokotala a nthawiyo ankakhulupirira kuti misala imayamba ndi ndulu yakuda yochuluka m'thupi, ndiye mankhwala otsegula m'mimba mwamphamvu ankaoneka ngati akutulutsa nthendayo. Tauni ya Anticyra inatchuka ndi chomerachi moti kuuza munthu kuti apite ku Anticyra kunali ngati mmene ife timanenera kuti uyu ngofunika ku Zomba.

Theophrastus, wophunzira wa Aristotle, analemba za miyambo ya okumba mizu. Ankajambula mzere kuzungulira chomeracho, kuyang'ana kum'mawa, kupemphera, n'kumayang'anitsitsa kumwamba, chifukwa chiwombankhanga chikadutsa pafupi ankati wokumbayo samaliza chaka. Ankadyanso adyo n'kumwa vinyo asanayambe kukumba, poopa mutu. Amene anaperekezapo agogo kokakumba mizu mbandakucha, osalankhula ndi munthu panjira, saona chachilendo apa.

Palinso nkhani ya mzinda wa Kirrha, pafupi ndi Delphi ku Greece, umene unazingidwa cha m'ma 590 Yesu asanabadwe. Pausanias, wolemba wa Chigiriki amene analemba patapita zaka zoposa 700, anati adaniwo anapatutsa madzi a mtsinje wa Pleistos, kuthiramo mizu ya hellebore, n'kuwabwezeranso mumzinda. Asilikali a ludzu anamwa, m'mimba munatseguka, malinga anatsala opanda mlonda. Olemba akale amasiyana pa amene anapereka nzeruyo, ena amati Solon wa ku Athens, ena amatchula ena.

Kumidzi ya ku England ntchito yake inali yapakhomo. Gilbert White, m'busa wa m'mudzi wa Selborne ku Hampshire, m'buku lake la zachilengedwe za m'mudzimo la mu 1789, anatchula malo amene mitundu yonse iwiri inkamera, n'kunena kuti amayi ankapatsa ana ufa wa masamba a hellebore wonunkha pofuna kupha njoka za m'mimba. Iye anachenjeza kuti mankhwalawo ndi aukali. Oweta ng'ombe nawo ankaboola chikopa cholendewera pakhosi pa ng'ombe yodwala n'kulowetsamo kachidutswa ka muzu kuti patupe ndi kutulutsa mafinya, poganiza kuti nthenda ikutulukira pamenepo. Ndi maganizo ofananako ndi kutema mphini. Dzina lina la chomerachi m'Chingerezi, setterwort, linachokera ku mwambo umenewu.

Dzina limodzi, zomera ziwiri

Chisokonezo china n'chakuti akale ankanena za hellebore wakuda ndi hellebore woyera. Wakuda ndi amene takhala tikukambayu. Woyera ndi chomera china kotheratu, Veratrum album, cha banja lina, chachitali, cha masamba aakulu a mizeremizere, chomera m'madambo a m'mapiri nthawi yotentha. Poizoni wake amagwira mitsempha, amagwetsa kuthamanga kwa magazi ndi kusanzitsa koopsa. Ku Alps anthu amadwala nacho chifukwa chochisokoneza ndi yellow gentian, chomera chimene mizu yake amapangira kachasu wa kumeneko. Poti mabuku akale nthawi zina amangoti hellebore osatchula mtundu, nkhani ngati ya Kirrha ikhoza kukhala ya chilichonse mwa ziwirizi.

M'bale wa Veratrum wa ku America ndi amene m'zaka za m'ma 1950 anachititsa nkhosa za ku Idaho kubereka ana a diso limodzi pamphumi, zitamudya cha pa tsiku la 14 la bere. Kufufuza mankhwala ake, otchedwa cyclopamine, kunatsegula njira yopezera mankhwala ena a khansa ya pakhungu. Izi n'za Veratrum, osati za Helleborus, ngakhale pa intaneti zimasakanizidwa kawirikawiri.

Wakutchire kapena wothawa m'munda?

Akatswiri a zomera ku Britain amavutika ndi funso limeneli. Popeza hellebore wakhala akudzalidwa pakhomo kwa zaka mazanamazana ngati mankhwala a anthu ndi ziweto, ndipo lero ngati duwa, si onse opezeka m'tchire amene ndi mbadwa. Gulu la hellebore wobiriwira pafupi ndi mabwinja a nyumba kapena khola lakale kawirikawiri limasonyeza kuti panali munthu anadzala, monga mmene mtengo wa mango pakati pa thengo umatiuzira kuti apa panali mudzi. Wonunkha naye amathawa m'minda mosavuta, nyerere zija zikumuthandiza. Amene amaonedwa ngati mbadwa zenizeni ndi a m'nkhalango zakale za pachoko ndi palaimu kumwera kwa England ndi mbali zina za Wales, ndipo m'malo amenewo si wochuluka. Ena amaona kuti othawa m'minda ndi mbali chabe ya mbiri ya dziko. Ena amadera nkhawa kuti amasokoneza kalembera wa zomera zachilengedwe, moti sizidziwika ngati mbadwa zikuchuluka kapena zikutha.

Lamulo nalo lilipo. Wildlife and Countryside Act ya mu 1981 imaletsa kuzula chomera chilichonse chakutchire popanda chilolezo cha mwini malo. Wofuna hellebore pakhomo amagula kushopu ya maluwa, komwe ndi wosasowa.

Kwa abale athu okhala kumeneko, makamaka a ana aang'ono, chofunika kudziwa n'chakuti chomerachi chili ponseponse m'minda ya nyumba za lendi, m'mapaki ndi m'mabwalo a matchalitchi. Kuchikhudza podutsa si vuto. Pochisadzula valani magolovesi n'kusamba m'manja. Mwana akatafuna tsamba kapena nthangala, mutsukeni m'kamwa, musamukakamize kusanza, imbani nambala ya zaumoyo ya 111, kapena ya zadzidzidzi ya 999 ngati akufooka, akusanza kwambiri kapena mtima ukugunda modabwitsa, ndipo tengani kanthambi kapena chithunzi kuti adokotala aone.

Mlamu anabwereranso pamalo paja kumayambiriro kwa Juni. Mitengo inali itavala, m'nkhalango muli mdima, ndipo zinamutengera nthawi kuti achipeze chomeracho. Timakapu tija tinali titayasama, pakati pali timatumba titatu totupa, kamodzi katang'ambika kale. Pansi pake nyerere zinali pamzere, iliyonse ikukoka kanthangala kakuda. Anatumiza kavidiyo ka masekondi 20. Azakhali anangoyankha kuti: "Ndiye chigwadacho chilekeni, tikutumizirani mfutso."